Kupatsa n'Kuika: Mawu kwa Makolo pa Zophunzitsa Ana Kupatsirana Mpira

Aliyense amene adadutsapo madzulo m'mbali mwa bwalo la sukulu, kapena padambo pamene ng'ombe zatha msipu n'kusiya poyera, adaona ndithu chimene ine ndaona kawirikawiri: khamu la ana, ena ovala malaya ena chifuwa pamtunda, onse ali piringupiringu pamalo amodzi monga nkhuku zolimbirana chitsononkho, fumbi lili koboo, mpira wosaoneka n'komwe, ndipo chapatali kamwana kamodzi kaima kokhakokha, manja ali m'mwamba, kakufuula mpaka mawu kusasa kuti akapatseko, koma palibe wokamva. Kamwana kameneko, kangakhale anzake akayesa kaulesi, ndiko kayamba kuudziwa mpira kuposa onsewo, pakuti kazindikira kuti malo opanda munthu ndiwo chuma cha masewerawa. Kabuku kano ndalembera inu makolo, atsibweni, azakhali, achimwene ndi achemwali a m'nyumba, pamodzi ndi aphunzitsi a m'sukulu zathu, kuti kamwana kotere kaleke kuima pachabe.

Ambiri a ife tiyesa kuti kuphunzitsa mpira ndi ntchito ya kochi yekha, munthu wa kherere pakamwa ndi satifiketi ya ku FAM m'thumba, ndi kuti mbali ya kholo ndiyo kukalipira mwana akabwera ndi kabudula wong'ambika. Makochiwo tiwalemekeza, ndipo tikadakonda akadachuluka. Koma mwana wa kumudzi, ngakhale wa m'tauni yemwe, kawirikawiri afika m'manja mwawo atakula kale, miyendo yake itazolowera njira zake, zabwino ndi zoipa zomwe, kotero kuti kochi atha miyezi akuzula udzu umene sukadamera kukadakhala womuyang'anira mwanayo akali ndi zaka 7 kapena 8. Akale adati m'mera mpoyamba. Ndipo mwa maluso onse a mpira, lopatsirana ndilo losalira ndalama: lifuna mpira umodzi, khoma, miyala ingapo, ndi munthu wamkulu woleza mtima, angakhale iyeyo sadavalepo jezi chibadwire.

Tonse tikumbukira usiku uja wa mu Januwale 2022, pamene Gabadinho Mhango adaona goloboyi wa Morocco atasendera kutsogolo, naumenya mpira ali kutali ndithu ndi golo, dziko lonse n'kudzuka ndi mfuu. Chigoli chija tidzachisimba kwa adzukulu; komatu masewero aja adatha 2-1 mokomera Morocco, ndipo zigoli zotere zibwera kamodzi pa zaka zambiri. Chimene chidyetsa timu tsiku ndi tsiku, monga nsima idyetsa banja, ndiyo mipira yaifupi, yapansi, yosaimbiridwa nthungululu. Amene adamuona Ernest Mtawali akusewera pakati, kuno kwathu ngakhale ku South Africa, asanakafike ku Toulouse m'dziko la France, akumbukira makamaka mutu wake wodzuka ndi mipira yake yogwera paphazi penipeni pa mnzake. Nzeru imeneyi ndi yakale. Pamene England ndi Scotland adakumana koyamba mu 1872 ku Glasgow, Angerezi adali ozolowera kuti wogwira mpira athamange nawo yekha kufikira atalandidwa; koma a ku Scotland, mtundu womwe uja umene amishoni ake adadzakhazikitsa Livingstonia ndi Blantyre, pokhala opepukirapo thupi ndiponso ozolowerana m'timu yawo ya Queen's Park, adasankha kupatsirana. Tsikulo palibe adagoletsa, koma njira yawo ndiyo idafala padziko lonse.

Za mpira ndi bwalo

Chikulunga musachinyoze. Mpira wa majumbo ndi nsanza, ukamangidwa molimba ndi chingwe, nukhala wobulungira bwino, uphunzitsa mwana kumenya mwamphamvu ndi molunjika, popeza sunjanja ndipo suyenda wokha. Muonetsetse chabe kuti m'kati mwake simudalowe mwala kapena waya. Mukapeza mwayi wogula wachikopa, funsani nambala yake, pakuti mipira ili ndi misinkhu monga nsapato: nambala 3 ndi ya ana osafika zaka 8, nambala 4 ya ofika zaka 12, ndipo nambala 5, yolemera magalamu 410 mpaka 450, ndi ya akuluakulu. Kamwana kakapatsidwa mpira woposa msinkhu wake, kapeza kuti sungasunthe pokhapokha kataubaya ndi chala chachikulu, ndipo chizolowezi chimenechi chivuta kuchichotsa.

Bwalo lisakhale lalikulu. Mamita 30 m'litali ndi 20 m'lifupi akwanira ana 8, ndipo poyeza mungowerenga sitepe imodzi yaitali ya munthu wamkulu ngati mita. Musanayambe, yendani ndi anawo pamzere kutola minga, misomali, magalasi osweka ndi kuzula zitsa. Ovala nsapato za mpira asasakanizidwe ndi opanda nsapato. Ngati si onse ali nazo, avule onse.

Phazi loima ndi phazi lomenya

Pano ndichedwapo, chifukwa pagona maziko a zonse. Chala cha kuphazi ndi chosongoka, ndipo chikhudza mpira pa kamalo kakang'ono, kotero kuti kuphonya pang'ono pokha mpira uthawira kumene womenya sadaufunire. Koma m'kati mwa phazi, kuyambira patsinde pa chala chachikulu kufikira pafupi ndi chidendene, ndi potambalala monga chikhatho, ndipo mpira ukakumana napo umvera. Mwana aphunzire tsono kutembenuza mwendo wonse kuyambira m'chiuno, bondo ndi zala ziloze kunja, zala zitadzuka pang'ono, kakolo atalimba nganganga monga mpini m'khasu. Pakuti phazi lolobodoka litumiza mpira wolobodoka.

Chinsinsi chimene ana ambiri sauzidwa chili m'phazi linalo, loima. Phazi limeneli liponde pambali pa mpira, motalikira ngati chikhatho chimodzi, ndipo zala zake ziloze kwa amene afuna kumpatsira, chifukwa kumene laloza ndiko mpira upita. Bondo lake lipinde pang'ono, chifuwa chiweramire pamwamba pa mpira, maso ayang'ane mnzake poyamba, kenaka atsikire pampira pa nthawi yomenyayo. Amenye pakati penipeni pa mpira, ndipo mwendo usaime pomwepo ngati waponda moto, koma upitirire kutsata njira ya mpirawo.

Inu woyang'anira simusowa kukhala katswiri kuti muone cholakwa, pakuti mpira womwewo ndiwo uchitira umboni. Ukauluka m'mwamba, mwana wagadamira kumbuyo, kapena phazi loima latsalira kumbuyo kwa mpira, kapena wamenya kunsi kwake. Ukapatukira kumbali, yang'anani zala za phazi loima, ndipo mupeza kuti zidaloza komweko. Ukafera panjira, kakolo adali wofewa. Konzani chinthu chimodzi pa tsiku. Mwana wouzidwa zisanu nthawi imodzi sagwira n'chimodzi chomwe.

Mwendo wamanzere, kapena wamanja kwa amanzere, uyambe ntchito tsiku lomwelo loyamba. Adzachita manyazi nawo, mpira udzapita kosayenera, anzake adzaseka. Koma mumuuze kuti mbewa ya manyazi idafera kuuna, ndipo chilichonse chimene wachita kakhumi ndi mwendo wokondedwa achitenso kakhumi ndi winawo. Wosewera wa mwendo umodzi adani amzindikira msanga, namtsekera mbali imodzi yokhayo, ndipo watha.

Khoma

Palibe mnzake wa mwana wokhulupirika ngati khoma: silitopa, silinyinyirika, ndipo libweza monga momwe lapatsidwira. Sankhani la njerwa zootcha lopanda zenera, monga la mpanda kapena kuseri kwa kalasi, mutapempha mwini wake. La dothi lozira musaliyese, mungadane ndi amayi a pakhomopo. Lembani ndi khala chizindikiro m'munsi mwa khomalo, mwana aime mamita 4 kapena 5, amenye, alandire, amenyenso, ka 20 mwendo uno, ka 20 mwendo winawo. Akazolowera ayambe kubweza osauimitsa, kenaka asendere kumbuyo. Mphindi 10 zotere masiku onse ziposa maola awiri a tsiku limodzi pamwezi.

Muyeso wa mpira

Kulunjika pakokha sikukwanira, pakuti mpira uli ndi muyeso wake monga mchere m'ndiwo. Wofooka uitana mdani kuti adzaulande panjira, ndipo uika wolandira pangozi yopondedwa. Wamphamvu kopitirira udumpha paphazi pa mnzako nuthawira kunja. Muyesowo usintha ndi nthaka: pamchenga wa kunyanja mpira ufuna kukankhidwa kolimba, pa udzu wonyowa wa m'dzinja uterereka nufulumira, ndipo pa nthaka youma gwa ya mu Okutobala unjanja. Zimenezi mwana aziphunzira ndi mapazi, mwa kubwereza.

Ikani miyala iwiri motalikirana mamita 2 ikhale chipata, ana awiri aime uku ndi uku, mamita 5 kuchokera pachipatapo, napatsirane mpira kudzera pakati pa miyalayo, akuwerenga mofuula. Akafika 10 osaphonya, chepetsani chipata, kapena atalikire. Pambuyo pake mwaze zipata zisanu kapena zisanu ndi chimodzi m'bwalo lonse, awiriawiri athamange kuchoka pa china kunka pa china, kuti tione amene apyoze zipata zambiri pa mphindi imodzi. Apa ndipo atulukira chinthu chachikulu, chakuti munthu wothamanga sapatsidwa mpira pamene ali, koma pamene adzakhale. Mnyamata aliyense amene adalasapo mbalame youluka ndi legeni achidziwa kale chimenechi, mungomkumbutsa.

Kulandira, ndi ntchito ya maso

Mpira wopatsidwa bwino ukagwa m'manja mwa wosadziwa kulandira, ntchito yonse yapita m'madzi. Munthu akakuponyera dzira suumitsa manja, koma uwabweza pang'ono kuti dziralo lifike mofatsa. Chomwechonso phazi lipite kukachingamira mpira, ndipo pokhudzana nawo libwerere pang'ono. Mwana asauimitse pansi pa mimba yake, pamene adzafunika kuukhudzanso kawiri asanaupereke, koma aukankhire sitepe imodzi kumbali kumene kulibe mdani. Asadikirenso mpira ataima chilili, aupite.

Koma chachikulu koposa ndi maso. Ana athu ambiri asewera nkhope ili pansi monga wofuna singano, nadzutsa mutu mpira utafika kale, pamene mdani ali pakhosi. Wosewera wanzeru acheuka mpira ukali m'njira, ndipo pofika paphazi pake adziwa kale kumene upite. Pophunzitsa ichi, imani kumbuyo kwa mwana pamene mnzake akumpatsira. Mpira ukangochoka tukulani zala, ziwiri kapena zinayi monga mufuna, ndipo iye acheuke, atchule chiwerengero chake, ndipo pokhapo alandire. Poyamba adzasokonezeka, mpira udzampita pansi pa miyendo. Musataye mtima, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mumphunzitsenso kuima chammbali, phewa limodzi kwa wompatsira, lina kumene timu ikupita, kuti aone mbali zonse ziwiri.

Mafuwa atatu

Mayi aliyense adziwa kuti mphika sukhala pa mafuwa awiri, ndi kuti mafuwa atatuwo akaikidwa pamzere umodzi nsima siphikika. Mpira nawo ukhazikika pa anthu atatu oima monga mafuwa: wogwira mpira, wina kudzanja lake lamanja, wina kulamanzere, kotero kuti mdani akatseka njira imodzi ina ikhala yotseguka. Imikani ana atatu chotero pa mamita 8, aliyense pa mwala wake, ndipo muike mwala wachinayi popanda munthu. Lamulo likhale lakuti wopatsira asaime kuyamikira ntchito yake, koma athamangire pamwala wopanda munthuwo. Ana ambiri ayesa kuti ukapereka mpira wataya mwayi wako, ndipo n'chifukwa chake aukakamira. Muwaonetse ndi maso kuti kupatsa n'kuika: wopereka n'kuthamanga aulandiranso patsogolo, mdani atatsala kumbuyo. Imani inu ngati mdani wosasuntha, mwana apatsire mnzake, akulambalaleni, nalandire mpira kuseri kwanu. Tsiku limene adzachita ichi m'masewero enieni, nkhope yake idzakuuzani kuti wamva.

Wapakati

Atsikana athu adziwa fulaye, mmene wapakati azemba mpira. Masewero amene ndifotokoze pano ndi fulaye wotembenuza, pakuti wapakati ndiye ausaka. Ana anayi aime m'mbali mwa bwalo la mamita 8 mbali zonse, mmodzi alowe pakati; akunja apatsirane, ndipo amene mpira wake wagwidwa kapena watuluka alowe pakati. Akakula m'nzeru akhale asanu kunja, awiri m'kati, ndipo mpira wopyola pakati pa awiriwo uwerengedwe kawiri. Musakaone kuchepa kasewero aka. Ku Spain akatcha rondo, ndipo Johan Cruyff, atakhala mphunzitsi wa Barcelona mu 1988, adakaika pamtima pa maphunziro a timuyo. Xavi ndi Iniesta adakulira m'menemo, ndipo ndiwo adali pakati pamene Spain idatenga chikho cha dziko lonse ku Johannesburg mu 2010. M'kabwalo kakang'onoko muli zonse tanena: phazi, muyeso, kulandira, maso, ndi kusuntha kuti mnzako akuone. Muyang'anire chabe kuti mwana wofooka asakhalitse pakati mpaka kulira. Akatha mphindi imodzi msinthitseni.

Tsiku lililonse lithe ndi masewero enieni, pakuti ana adabwerera amenewo. Akhale atatu kwa atatu kapena anayi kwa anayi, chifukwa pa anthu 22 kamwana kamanyazi katha ola lonse kosaukhudza mpira. Nthawi zina ikani lamulo lakuti chigoli chiwerengedwe pokhapokha timu itapatsirana katatu. Nthawi zina chotsani malamulo onse, azisewera mwaufulu. Mipira yaitali ya m'mwamba, yomenya ndi pamwamba pa phazi, idikire kufikira atafika zaka 12, miyendo italimba. Kusunga mpira pansi kutetezanso mitu yawo: ku America, kuyambira mu 2015, ana a zaka 10 kutsika pansi saloledwa kumenya mpira ndi mutu.

Ola limodzi, katatu pa mlungu, likwanira, dzuwa litapendeka ndi ntchito za kusukulu zitatha. Pakhale madzi akumwa aukhondo. Mwana wotentha thupi asasewere, apite kuchipatala akayezedwe malungo. Bala litsukidwe ndi sopo ndi madzi oyera, ndipo la msomali kapena chitsulo chadzimbiri lionedwe ndi achipatala chifukwa cha kafumbata.

Lilime la wophunzitsa

Ndidaonapo bambo wina, wokonda mwana wake ndithu, amene adalonjeza kamnyamata kake ndalama pa chigoli chilichonse. Ndipo pasanathe mwezi kamnyamatako, kamene kale kadali kopatsa, kadasanduka kaumbombo, kakuponyera kugolo ngakhale kali pangodya, anzake n'kuleka kukapatsira. Ana atsata chimene akulu aombera m'manja. Chifukwa chake chigoli chikalowa, tchulani poyamba dzina la amene adapereka mpira, ndi la amene adathamanga kukatsegula njira angakhale sadaukhudze. Mwana akayesa mpira wanzeru nulandidwa, muyamikireni maso ake, kenaka mukonze phazi lake. Chibonga, mbama ndi mawu onyoza zisapezeke pabwalo. Mwana woopa kulakwa aumenya mpira kutali kuti mlandu umchoke, ndipo mpira wa mantha wotere ndiwo watisautsa zaka zambiri. Musakhalenso wofuula "Patsira! Patsira!" mphindi iliyonse, pakuti patsepatse n'kulanda, mwana wa mfulu apatsa yekha; koma imitsani masewero kamodzikamodzi, mufunse, "Mwanawe, unaona yani kumanzere kwako?" ndipo mumsiye ayankhe yekha. Luso lododa nalo musalizimitse, chifukwa ilipo nthawi imene njira zonse zatsekeka, ndipo timu ifuna wolimba mtima wodutsa munthu. Mungomphunzitsa kusiyanitsa nthawi yododa ndi nthawi yopereka.

Zonsezi ndanena za ana onse, aakazi ndi aamuna. Tabitha ndi Temwa Chawinga adakulira ku Rumphi akusewera ndi anyamata. Tabitha adaposa onse pa zigoli mu ligi ya Italy mu 2023 ali ku Inter Milan, Temwa nachita chomwecho ku America mu 2024 ali ku Kansas City Current, ndipo timu yathu ya Scorchers idatenga chikho cha COSAFA mu 2023. Komabe m'makomo ambiri dzuwa likapendeka mnyamata athamangira kubwalo, mlongo wake atsala ndi mtondo ndi ndowa. Gawani ntchito za pakhomo mofanana, mnyamata atungeko madzi, kuti onse awiri apeze ola lawo.

Tsono ndikupemphani, inu bambo, inu mayi, inu atsibweni: Loweruka likudzali itanani ana asanu a pamudzi panu, atsikana akhalepo, mutole miyala inayi, muyeze mamita 8, ndipo inu mwini muyambe kulowa pakati.